Mlonda wa Pakhomo la Sukulu Adziwe Chilankhulo Chathu

Pamene boma linatsegula Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965, sukulu imene lero tiitcha Malawi College of Distance Education, munthu wa ku Thekerani wofuna maphunziro, koma wosatha kusiya munda wake wa nthochi kapena ntchito yake ya ku esiteti ya tiyi, anali kulandira maphunziro ake m'envulopu, nawayankha usiku pa nyali ya koloboyi, nabweza mayankhowo pa positi. Ndipo chinsinsi chonse cha ntchito yake chinali kusungidwa ndi guluu wa pa envulopu ndi kukhulupirika kwa wonyamula makalata. Lero mphunzitsi wa ku pulayimale wofuna digiri, namwino wowonjezera maphunziro ake, mnyamata wosankhidwa kupita ku MUST, ku Ndata konkuno ku Thyolo, ngakhalenso iye wophunzira ndi Mzuzu University kapena LUANAR ali kwawo, onsewa alowa m'kalasi podzera pa foni ya m'manja, ndipo chitseko cha kalasiyo chitsegulidwa ndi mawu achinsinsi, amene ambiri angowatcha pasiwedi.

Tsono pali dandaulo limene limveka kawirikawiri pakati pa ophunzira otere, makamaka chiyambire pa 23 Malichi 2020, tsiku limene sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ambiri nakankhidwira pa intaneti asanakonzeke. Akuti makinawo ngamwano, pakuti munthu asankha mawu ake amene sangawaiwale, koma iwo awakana, nalamula m'Chingerezi cha zilembo zofiira kuti asankhe ena. Ine ndiima kumbali ya makinawo, ndipo ndinena kuti kukana kwawoko ndiko chifundo. Koma ndili nawonso mlandu waukulu, umene akuluakulu a masukulu athu ayenera kuumva, wakuti makinawo akana mawu amene ife sitikanawasankha n'komwe, nalandira ndi manja awiri mawu amene Amalawi awasankha tsiku ndi tsiku.

Tiyambe taona m'mene ntchitoyi iyendera, pakuti safunsa anadya phula. Pa tsamba la maphunziro lomangidwa bwino, pasiwedi ya wophunzira sisungidwa monga anailembera. Makina aipotoza ndi masamu, naisandutsa mzere wautali wa zilembo ndi manambala wopanda tanthauzo, umene akatswiri autcha hash. Ndipo masamuwo ngoyenda njira imodzi, kotero kuti ngakhale mkulu woyang'anira makompyuta a pa koleji sangathe kuwerenga chobwerera kuti aone mawu enieniwo. Wophunzira akafuna kulowa, zimene walemba zipotozedwanso chimodzimodzi, ndipo zikafanana ndi zosungidwa zija, chitseko chitseguka. Chifukwa chake nthawi yoyenera kuyesa kulimba kwa pasiwedi ndiyo pamene munthu ali kuisankha, isanapotozedwe ndi kuikidwa m'nkhokwe. Ndipo pa kamphindi kameneko m'pamene pachitika kufufuza kwa m'dikishonale.

Kufufuzako kuli motere. Makina atenga mawu amene munthu wasankha, nachepetsa zilembo zonse zazikulu, nachotsa manambala ndi zizindikiro zokolekedwa kumayambiriro kapena kumapeto. Ndipo makina ochenjerapo abwezanso m'malo mwake zilembo zobisidwa, podziwa kuti anthu akonda kulemba @ m'malo mwa a, 0 m'malo mwa o, ndi 3 m'malo mwa e. Chotsalacho achiyerekeza ndi kaundula wa mawu amene asunga. Munthu akalemba P@ssw0rd1, nadziyesa wochenjera koposa anzake, makina avula zokongoletsa zonsezo, napeza password wamba, namukana. Atatero ayang'ana ngati m'mawumo muli dzina la mwini wake, kapena dzina limene alowera nalo, kapena dzina la sukulu. Ayang'ananso manambala otsatana monga 123456, zilembo zogundizana pa kiyibodi monga qwerty, ndi chilembo chimodzi chobwerezedwabwerezedwa. Zonsezi zitha m'kuphethira kwa diso.

Kaundula ameneyu sanachokere m'mutu mwa munthu wofuna kusautsa ana asukulu. Anachokera m'thumba la mbala. Pakuti wakuba wa pa makompyuta sayamba ndi kuyesa zilembo zonse chimodzichimodzi, ntchito imene ikanamudyera zaka zosawerengeka pasiwedi ikakhala yaitali. Iye ayamba ndi mawu amene anthu awakonda, podziwa kuti mitima ya ana a anthu ifanana, ndi kuti chimene mmodzi achiyesa chinsinsi chake cha yekha, anzake chikwi anachiganiza kale. Mu 1979 Robert Morris ndi Ken Thompson, akatswiri a ku Bell Labs ku America, atasanthula mapasiwedi 3,289, anapeza kuti 86 mwa 100 alionse anali osavuta kulota, ena pokhala aafupi, ena pokhala mawu a m'dikishonale kapena mayina a anthu. Mu Novembala 1988 mwana wa Morris yemweyo, ali wophunzira ku Cornell University, anatulutsa pulogalamu imene inalowerera makompyuta zikwi zingapo, ndipo chimodzi mwa zida zake chinali kamndandanda ka mawu 432 okha. Mu Disembala 2009 kampani ya RockYou inaberedwa mapasiwedi oposa 32 miliyoni, amene inali kuwasunga osapotoza, ndipo dziko lonse linaona ndi maso kuti wotchuka koposa onse anali 123456. Mndandanda umenewo ukali m'manja mwa mbala kufikira lero lino.

Anthu abwino nawo anaphunzira kusula zishango ndi zofunkha zomwezo. Troy Hunt wa ku Australia, amene anayambitsa tsamba la Have I Been Pwned mu 2013, anasonkhanitsa mapasiwedi obedwa mamiliyoni mazanamazana, ndipo kuyambira 2018 tsamba la sukulu litha kufunsa nkhokwe yakeyo popanda kuulula chinsinsi cha wophunzira: litumiza zilembo zisanu zokha zoyambirira za hash, nkhokweyo ibweza onse oyamba ndi zilembo zomwezo, amene akhala mazana angapo, ndipo kuyerekeza komaliza kuchitikira ku sukulu komweko. Pasiwedi ikapezeka pakati pa zobedwa kale, ikanidwa, ngakhale ioneke yolimba chotani.

Kufikira pano zonse zili bwino. Koma tiyeni tione chimene chichitika kwathu kuno. Masukulu a ukachenjede angapo m'dziko muno, monganso m'maiko ambiri, aphunzitsira pa Moodle, pulogalamu yaulere imene Martin Dougiamas wa ku Perth anaitulutsa mu 2002. Moodle, monga abwerera asanakonzedwe ndi eni sukulu, afuna kuti pasiwedi ikhale ndi zilembo zosachepera 8, nambala imodzi, chilembo chachikulu chimodzi, chaching'ono chimodzi, ndi chizindikiro chimodzi. Kufufuza kwa m'dikishonale kulibe m'menemo, ndipo sukulu yokufuna iyenera kuwonjezera chida chapadera, monga chimene inakonza kampani ya Catalyst IT. Malamulo osakaniza zilembowa anafalikira pa dziko lonse kuchokera m'malangizo amene Bill Burr analembera bungwe la NIST la boma la America cha mu 2003. Ndipo mu 2017 mkulu yemweyo, atapuma pa ntchito, anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti zambiri mwa zimene analembazo anali kumva nazo chisoni. Chaka chomwecho NIST inatulutsa malangizo atsopano, onena kuti anthu asakakamizidwe kusakaniza zilembo kapena kusintha pasiwedi miyezi ingapo iliyonse popanda chifukwa, koma kuti aloledwe kulemba mawu aatali, ndi kuti pasiwedi iliyonse yatsopano iyerekezedwe ndi kaundula wa mawu odziwika, oyembekezeka ndi obedwa kale, ndipo wokanidwayo auzidwe chifukwa chake. Eni ake a lamulo lakale analitaya, ife tikali kulisunga.

Fikani pa msika wa Thekerani m'masiku olembetsa maphunziro, mulowe m'kanyumba kamene atchajamo mafoni ndi kuchita fotokope, ndipo mudzaona m'mene lamulolo libalira zipatso zake. Mayi mphunzitsi wayenda ulendo pa njinga ya kabaza kuchokera ku sukulu yake ya kumapiri, kumene netiweki igwira pa chulu chimodzi chokha, ndipo wapereka foni yake kwa mnyamata wa m'kanyumbamo kuti amuthandize, bandulo isanathe. Mnyamata afunsa, maso ali pa foni, "Madamu, ikufuna pasiwedi. Tiike chiyani?" Mayiyo ayankha, "Ikani dzina la mwana wanga, achimwene, Chisomo, kuti ndisaiwale." Zilembo zofiira zituluka. Mnyamata, amene waona zimenezi kambirimbiri, sadabwa, angofunsa kuti, "Anabadwa chaka chanji?" nalemba Chisomo@2016, ndipo makina avomera. Amene akhala pa benchi kudikira mafoni awo amva zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pasiwedi imeneyi yakwaniritsa malamulo onse asanu, koma aliyense wodziwa banja la mayiyo angailote asanayese kasanu.

Wina adzati, ikani tsono chida chofufuza m'dikishonale, nkhani ithe. Apa m'pamene pagona mlandu wanga. Akaundula amene abwera ndi zida zotere nthawi zambiri ngamawu a Chingerezi, ndi mayina okondedwa ku London ndi ku New York. Adzakana sunshine, dragon ndi princess, mawu amene mayi wa kwa Nsabwe sanawalotepo. Koma Chisomo, Chikondi, Madalitso, Mphatso, Thokozani, Mulungu, Thekerani, Makwasa, Luchenza, Maule ndi Manoma adzadutsa osafunsidwa. Yohane3:16 ali ndi chilembo chachikulu, zazing'ono, manambala ndi chizindikiro, ndipo m'dziko la anthu opembedza ngati lathu, ndi angati amene anamusankha, yense nayesa kuti ali yekha? Nkhokwe ya Hunt ingagwireko mawu athu ena, pakuti Amalawi nawo anaberedwa pamodzi ndi mitundu ina. Koma ife tichepa pa intaneti, ndipo chimene chatchuka pakati pathu chikhoza kusaoneka konse m'nyanja ya mapasiwedi a dziko lonse. Chida chotere chifanana ndi mlonda amene esiteti yamutenga ku dziko lakutali, wokhulupirika ndithu ndi wosagona tulo, amene aloweza nkhope za mbala zonse za kwawo, koma mbala ya m'mudzi woyandikana ikafika pa chipata, aipatsa moni mwaulemu, naitsegulira.

Ndipo tisadzinyenge kuti wophunzira wa ku Thekerani alibe chomubera. M'akaunti yake muli ntchito imene waikhalira usiku, imene mnzake waulesi angaikope ndi kuipereka poyamba, mwini wake nasanduka woimbidwa mlandu wa kubera. Muli malikisi ake, nambala yake ya foni, ndi mauthenga a pakati pa iye ndi aphunzitsi. Choopsa koposa n'chakuti ambiri agwiritsa pasiwedi imodzi yomweyo pa Facebook, pa imelo ndi pa mafomu ofunsira ngongole ya maphunziro, ndipo chaka chobadwa chimene chili kumapeto kwake kawirikawiri ndicho PIN ya Mpamba kapena Airtel Money. Tsoka silinunkha. Wakubayo sachita kukhala katswiri wa kutsidya kwa nyanja. Angakhale mnzako wa m'kalasi, bwenzi limene munayambana, kapena wobwereka foni. Ndipo katswiri weniweni akafuna kulowa m'sukulu ya ku Malawi, ntchito yake njaing'ono: mayina ndi mawu athu okondedwa 1,000, zaka 60 ndi zizindikiro 10, zikachulukitsidwa zipereka 600,000, chiwerengero chimene kompyuta wamba ichimaliza mosavuta ikakhala ndi ma hash obedwa. Ngakhale lamulo lotseka akaunti munthu akaphonya kangapo silimuletsa, pakuti iye atenga pasiwedi imodzi yokha, monga dzina la koleji ndi chaka chino, naiyesa kamodzi pa akaunti iliyonse ya ophunzira zikwi zambiri, ndipo sangalephere kupeza khomo lotseguka.

Chofunika tsono ndi kaundula wathuwathu, ndipo zomangira zake zilipo kale. David Clement Scott anasindikiza dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Centre for Language Studies ya ku Zomba inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Mayina a midzi, mitsinje, mafumu, masiteshoni a njanji, maesiteti monga Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, mipingo ndi matimu a mpira ngodziwika kwa aliyense. Komabe kukopera dikishonale m'makina sikukwanira, chifukwa chilankhulo chathu chimanga mawu polumikiza aphatikiri ku tsinde, ndipo makina ongoyerekeza chilembo ndi chilembo, atapatsidwa konda, sadzazindikira chikondi, wokondedwa, tikondane kapena ndimakukonda. Pafunika munthu wa zilankhulo ndi munthu wa makompyuta akhale pa mphasa imodzi, wina naphunzitsa makina kusenda aphatikiri, wina nasankha mawu amene anthu awalankhuladi m'nyuzipepala, pa wailesi ndi m'tchalitchi. Ndipo popeza pa Thekerani pamveka Chimang'anja, Chilomwe ndi Chisena, monga kumpoto kumveka Chitumbuka ndi Chitonga, ndi kunyanja Chiyao, kaundulayo asakhale wa Chichewa chokha.

Sindinyoza amene atsutsa. Iwo akuti wophunzira wa kumudzi ali kale ndi akatundu olemera: foni yaing'ono ya galasi losweka, imene abwerekana ndi m'bale wake, magetsi osadalirika, bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo, ndipo akaiwala pasiwedi, uthenga woikonzera upita ku imelo imene anamutsegulira munthu wina zaka zapitazo. Kumuwonjezera zokana, akutero, ndiko kumutsekera kunja kwa sukulu imene walipira. Mawu amenewa ngoona, ndipo chifukwa cha iwo ndinena kuti kaundula wathu abwere pamodzi ndi kupeputsa goli. Malamulo a chilembo chachikulu ndi chizindikiro, amene pa kiyibodi ya foni avuta koposa, achotsedwe. Kukakamiza kusintha pasiwedi teremu iliyonse, kumene kungobala Chisomo@1, Chisomo@2 ndi Chisomo@3, kuleke. Kaundula asatupe mpaka kukana chilichonse. Akhale wa mawu zikwi zowerengeka amene wakuba angayambe nawo, ndipo akane pokhapokha pasiwedi yonse yatsamira pa liwu limodzi lodziwika, pa mwambi, kapena pa vesi la m'Baibulo. Koposa zonse, makina akakana, anene chifukwa m'chilankhulo chimene munthuyo amva, kuti, "Dzina ili ambiri alidziwa, sankhani mawu anayi osagwirizana." Wakutsina khutu ndi mnansi, koma atsine khutu limene likumva.

Kwa inu ophunzira, musadikire kuti akuluakulu amalize misonkhano yawo. Sankhani mawu anayi amene sayenderana, otoledwa mwachisawawa, monga sitima, mpiru, bawo ndi chingwe, ngakhale amenewa musawatenge popeza asindikizidwa kale pano. Mukafuna, sakanizani Chichewa ndi Chilomwe kapena Chisena. Mawu anayi otoledwa motero pakati pa mawu 5,000 apereka njira 625,000,000,000,000, ndipo ngosavuta kukumbukira ndi kulemba kuposa zizindikiro zopotokapotoka. Tsamba likaumirira pa nambala ndi chizindikiro, ziwonjezeni kumapeto, podziwa kuti mphamvu ili m'utaliwo. Kulemba pasiwedi m'kabuku kosungidwa m'sutikesi kunyumba si tchimo. Choipa ndicho kuitchula mokweza pa msika, ndi kugwiritsa imodzi pa makomo onse. Wina akakuthandizani kulembetsa, muthokozeni, ndipo mukatuluka isintheni tsiku lomwelo.

Kwa inu akuluakulu a masukulu a ukachenjede, lamulo la Data Protection Act la 2024 laika pa mapewa anu udindo wosamala mbiri ya anthu amene mwawalemba m'makaundula anu, ndipo MACRA ndiyo yoyang'anira kuti lamulolo litsatidwe. Ntchito imene ndipempha pano siifuna ndalama za maiko akunja, kapena nyumba yatsopano, kapena galimoto. Ophunzira a makompyuta a ku MUST kapena ku MUBAS, atagwirizana ndi akatswiri a zilankhulo a ku Zomba, angaichite ngati ntchito yawo ya chaka chomaliza, ndipo kaundulayo akatha agawidwe kwaulere ku sukulu iliyonse kuyambira ku Nsanje kufikira ku Chitipa, ngakhalenso kwa abale athu a ku Chipata ndi ku Tete. Nkhanga zinapangana kusanapse. Wina akaopa kuti kaundula wotere angagwe m'manja mwa mbala, adziwe kuti mbalayo inabadwira pakati pathu, ndipo mayina a ana athu iwadziwa kale. Osawadziwa ndi makina athu okha. Kuyesa kwake n'kwapafupi, ndipo mkulu aliyense wa sukulu angakuchite mawa m'mawa asanamwe tiyi: atsegule tsamba la sukulu yake, ayese kusintha pasiwedi yake kuti ikhale Yohane3:16, ndipo makina akavomera, aitane anthu ake a makompyuta tsiku lomwelo.